Mphere za chaka chatha ndi chifuwa cha lero: pali ubale wanji?

Mu Epulo, sukulu zitatsekera, mwana wa alongo anga anabwera kuchokera kusukulu yogonera komweko manja ali m'matumba. Titamuuza kuti awatulutse, tinaona timatuza pakati pa zala, pamfundo za manja ndi m'chiuno momwe mumadutsa lamba. Usiku tinkamva kukanda kwake tili chipinda china. Kukiliniki anati ndi mphere, natipatsa botolo la mankhwala oyera ngati mkaka, ndipo tinapaka nyumba yonse. Zinatha. Koma Juni atafika ndi mphepo yake yotsika m'mapiri a Chipata, mnyamatayo anayamba chimfine ndi chifuwa chimene chinam'gwira milungu iwiri. Amayi anangoti, "Ndinanena ine. Mankhwala opaka aja anangozithamangitsira m'kati, tsopano zakhala pachifuwa."

Mlungu womwewo pagulu lathu la WhatsApp panadutsa mauthenga awiri otsutsana. Wina unkati munthu amene anadwalapo mphere sachedwa kugwidwa ndi chimfine ndi Covid-19. Wina unkati mankhwala a mphere ndiwo amachiritsa Covid-19. Onse awiri ankati "akatswiri apeza". Uliwonse uli ndi pamene unachokera, ndipo ndikufuna tiutsate mpaka pamenepo.

Chimene chimayabwa n'chiyani

Mphere zimabwera ndi kachilombo ka miyendo 8, ka m'banja la nthata, kotchedwa Sarcoptes scabiei. N'kakang'ono kosakwana theka la milimita, ndiye maso sakaona bwinobwino. Kakakazi kamakumba kanjira m'khungu la pamwamba penipeni, lija limasupuka lokha tikamasamba, n'kumaikira mazira awiri kapena atatu patsiku. Mazirawo amaswa pakapita masiku 3 kapena 4, ndipo pakatha milungu iwiri tianato timakhala takula. Chodabwitsa n'chakuti munthu woyabwidwa thupi lonse nthawi zambiri amakhala ndi tizilombo 10 mpaka 15 tokha. Kuyabwako ndi mkwiyo wa thupi lenilenilo, limene likukana kachilomboko, mazira ake ndi zonyansa zake. N'chifukwa chake amene wagwidwa koyamba amatha milungu 4 mpaka 6 asanayambe kukanda, akupatsira ena osadziwa, pamene wogwidwa kachiwiri amayamba kuyabwidwa pasanathe masiku 4. Thupi limakumbukira. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Bungwe la World Health Organization limati nthawi ina iliyonse anthu oposa 200 miliyoni padziko amakhala ndi mphere, ndipo mu 2017 linaziika pagulu la matenda a m'madera otentha amene sasamalidwa mokwanira. Kuno tilinso ndi anzake: nsabwe, matekenya olowa kuzala za kumapazi, ndi mphutsi zija zimalowa m'khungu kuchokera pa zovala zoyanikidwa pansi. Tonseti ndi tizilombo todyera pathupi la munthu. Chipere n'china, chimabwera ndi tinthu ta mtundu wa nkhungu.

Vairasi ndi chinthu chosiyana kotheratu. N'kochepa kwambiri moti sikangaswane pakokha. Kamalowa m'kati mwa selo, kachipinda kakang'ono kamene thupi lonse linamangidwa nato, n'kukakamiza seloyo kupanga mavairasi ena. Chimfine, Covid-19, chikuku ndi RSV, imene imadwalitsa makanda chibayo, onsewa ndi mavairasi oyenda mumpweya.

Kodi mphere zimalowa m'kati?

Ayi. Kachilombo ka mphere sikapitirira khungu la pamwamba, sikalowa m'magazi ndipo sikafika kumapapo. Mankhwala opaka amakapha pomwepo. Amayi anga sali okha pa ganizo lawo: mu 1828 dokotala wa ku Germany Samuel Hahnemann anaphunzitsa kuti mphere zoponderezedwa ndi mankhwala ndizo gwero la matenda ambiri okhalitsa, ngakhale kuti anthu awiri a ku Italy, Giovanni Cosimo Bonomo ndi Diacinto Cestoni, anali ataonetsa kale mu 1687 kuti choyambitsa ndi kachilombo kokhala pakhungu. Munthu akaona matenda awiri akutsatizana, mtima umafuna kuwalumikiza, kaya ndi ku Katete kaya ndi ku Ulaya.

Koma tilipo tizilombo tina timene timalowadi pakhungu n'kukafika kumapapo. Njoka zina za m'mimba, monga zija zoyamwa magazi ndi ina yotchedwa Strongyloides, zimayamba ngati timphutsi tosaoneka m'dothi lonyowa limene munagwera chimbudzi. Munthu akaponda wopanda nsapato timaboola khungu, kusiya kuyabwa pang'ono, kenako timayenda ndi magazi mpaka kumapapo, kukwera kukhosi, kumezedwa, n'kukakhazikika m'matumbo. Podutsa m'mapapomo timatha kuyambitsa chifuwa chouma ndi kulira kwa m'chifuwa ngati mphumu. Tizilombo ta likodzo natonso timalowera pakhungu posamba m'madamu ndi m'madambo, n'kudutsa m'mapapo ulendo wake usanathe. Chifuwa chotere si cha vairasi, koma pochimva munthu sangasiyanitse.

Mango ndi malungo

Ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuti mango osapsa kapena nzimbe zimabweretsa malungo. Ozindikira zimenezi sanali opusa: ana ankadyadi mango, ndipo ankadwaladi malungo nyengo yomweyo. Chimene chinabisika ndi mvula, imene imabwera nthawi ya mango n'kuswetsa udzudzu. Zinthu ziwiri zikhoza kuyendera limodzi chifukwa pali chachitatu chimene chikuzikoka zonse.

Pa nkhani ya mphere ndi chimfine, chachitatucho nthawi zambiri ndi chipinda. Mphere zimafuna khungu kukhudzana ndi khungu kwa nthawi, ngati mmene zimakhalira ana anayi akafunda bulangete limodzi. Vairasi wa chimfine amafuna anthu opumirana m'chipinda chotseka mawindo. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye imapereka zonse ziwiri usiku umodzi: timathithikana, timatseka paliponse, mbaula ili m'nyumba, ndipo madzi akazizira kusamba ndi kuchapa zofunda kumachepa. Ganizirani malo ogona ana asukulu, ndende, nyumba za chipinda chimodzi m'makomboni, kapena msasa wa anthu ogwira ntchito pafamu ya fodya. Wofufuza akatsegula mabuku a chipatala a malo otere adzapeza mayina omwewo pa tsamba la mphere ndi pa tsamba la chifuwa. Akanena kuti pali mgwirizano sakunama. Amene amalakwitsa ndi wotumiza uthenga uja, akasintha mawu akuti "zimapezeka pamodzi" kukhala "china chimayambitsa chinzake".

Kafukufuku wotere alipodi. Mu 2016 ofufuza a ku Taiwan anasanthula mabuku a inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lawo, napeza kuti anthu amene anadwalapo mphere ankapezeka kwambiri ndi COPD, matenda okhalitsa otsekereza njira za mpweya. Ntchito ya mtundu umenewu imawerenga zimene zinalembedwa kale. Siitsata munthu kunyumba kwake kukaona kuti amagona angati m'chipinda kapena amaphikira nkhuni m'nyumba. Palinso ichi: munthu amene anapita kuchipatala ndi mphere ndi munthu wozolowera kupita kuchipatala, choncho chifuwa chakenso chimalembedwa, pamene mnzake wongomwa mandimu kunyumba sapezeka m'buku lililonse.

Chachitatu china ndi thupi lofooka kale. Munthu amene chitetezo chake chatsika chifukwa cha HIV yosamwera mankhwala, ukalamba, kusowa zakudya kapena mankhwala ena amatha kudwala mphere zoopsa zokhala ndi nkhanambo zokhuthala m'manja ndi m'mapazi, zimene zimasunga tizilombo masauzande mpaka mamiliyoni, ndipo nthawi zina siziyabwa n'komwe. Munthu yemweyo ndiye amene chimfine chimam'sandukira chibayo. Apa mphere ndi chizindikiro cha vuto limene linalipo kale. Ndipo nthawi zina muvi umaloza kwina: mu 2019 kafukufuku wa ana osabayitsa katemera ku Netherlands anaonetsa kuti chikuku chimafafaniza pakati pa 11 ndi 73 peresenti ya asilikali a m'magazi amene mwana anali atasonkhanitsa polimbana ndi matenda akale. Pamenepa vairasi ndiye amatsegulira matenda ena chitseko, ndipo n'chifukwa chake katemera wa chikuku wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 18 sayenera kudumphidwa.

Njovu ndi ntchemberezandonda

Mbali yovuta kwambiri, imenenso akatswiri amaikonda, ndi ya chitetezo cha m'thupi. Mlimi wa ku Mambwe amadziwa kuti munda sautchinjiriza mwanjira imodzi. Njovu zikabwera amakoleza moto, kuimba zitini, kufukiza tsabola ndi kukonza mpanda. Ntchemberezandonda sizimva zitini. Zimabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, ndipo pamafunika kuyenda phesi ndi phesi kusuzumira. Thupi nalo lili ndi magulu awiri akuluakulu a kamenyedwe. Limene akatswiri amalitcha Th2 ndi la adani akuluakulu osamezeka, monga njoka za m'mimba ndi tizilombo ta pakhungu: limabweretsa kuyabwa, mamina, ndi kukonza msanga pamene pang'ambika. Limene amalitcha Th1 ndi la adani obisala m'maselo, monga mavairasi: limafufuza selo lililonse logwidwa n'kuliwononga. Magulu awiriwa amaponderezana. Lina likakwera, linzake limatsikako.

Kuchokera apa anthu amafika pa mfundo ziwiri zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi umboni wake. Yoyamba imati banja limene lagona panja kuthamangitsa njovu limadzuka lotopa, mbozi n'kudya chimanga. Mu 2014 magulu awiri a ofufuza analemba m'magazini ya Science kuti njoka za m'mimba zinafooketsa mbewa za m'labotale polimbana ndi mavairasi ena, ndipo kwa zina zinadzutsa vairasi amene anali atagona m'thupi.

Yachiwiri imayambira pa zimene tinaphunzira ndi Covid-19, kuti ambiri amene anafika pa kayakaya anawonongedwa ndi ukali wa chitetezo chawo chomwe. Tonse tinaonapo moto woyatsidwa posaka mbewa mu Ogasiti ukupitirira tchire n'kukanyambita nkhokwe. Tizilombo tokhalitsa m'thupi timatulutsa zinthu zoziziritsa chitetezo kuti tisathamangitsidwe, ndipo kuziziritsa kumeneko kungachepetse moto wotere. Mu 2021 ofufuza a ku Ethiopia atatsata odwala Covid-19 okwana 751 anapeza kuti amene anali ndi tizilombo ta m'matumbo sankafika kawirikawiri podwalitsitsa. Mu 2023 ofufuza a ku National Institutes of Health ku America anapatsa mbewa njoka ya makoswe imene imadutsa m'mapapo, nadikira kuti ichoke, kenako n'kuzipatsa vairasi wa Covid-19. Mbewa zimene zinadutsamo njoka zinapulumuka zambiri kuposa zinzake, chifukwa maselo olondera m'mapapo anali atasinthika ndipo anaitana thandizo msanga. Uku ndi kukumbukira kwa thupi kuja ndinati tikusunge.

Taonani bwino zimene zili m'manja mwathu. Umboni wamphamvu ndi wa mbewa, ndipo ndi wa njoka zimene zimayenda m'kati mwa thupi kapena kukhalamo zaka. Kachilombo ka mphere kamakhala pakhungu pokha, ndipo kakaphedwa kamatha. Kutenga zotsatira za njoka ya m'mapapo a mbewa n'kuziika pa mwana amene anachira mphere mu Epulo ndi kulumpha mtsinje waukulu. Ine ndimaona kuti mauthenga ambiri amasokonekera pamenepa, poika tizilombo tonse m'dengu limodzi. Ndipo ngakhale njoka zitamaziziritsadi chitetezo, malipiro ake ndi kuchepa magazi ndi kupinimbira kwa ana, zimene palibe kholo lingasankhe.

Nkhani ya ivermectin

Uthenga wachiwiri uja uli ndi mbiri yotsatika bwino. Ivermectin ndi mankhwala enieni ndiponso abwino, ophera njoka za m'mimba, nsabwe ndi mphere. Amene anawatulukira, Satoshi Ōmura ndi William Campbell, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Chaka chomwecho kafukufuku wa kuzilumba za Fiji anaonetsa kuti kumwetsa mudzi wonse mankhwalawa kunachepetsa mphere ndi 94 peresenti pakutha pa chaka.

Zambia inalengeza odwala ake oyamba a Covid-19 pa 18 Malichi 2020. Mwezi wotsatira, ofufuza a pa Monash University ku Australia anati ivermectin anapha vairasiyu m'mbale ya m'labotale mkati mwa maola 48. Mlingo umene anathira m'mbalemo unali woposa kutali umene magazi a munthu angafikire atamwa mapiritsi mosadzivulaza, koma mbali imeneyi sinayende pa mafoni. Nthawi yomweyo ku France, m'nyumba ina yosungira okalamba munabuka mphere, onse anamwetsedwa ivermectin, ndipo Covid-19 itafika m'deralo madokotala anaona kuti m'nyumbamo simunafe munthu ndi matendawa. Anailemba nkhaniyo ngati chinthu chofunika kufufuza, ndipo analondola. Nyumba imodzi ingathe kudzutsa funso, koma yankho limafuna anthu ambiri ogawidwa mwamaere, ena kulandira mankhwala enieni, ena piritsi lopanda kanthu, popanda wodziwa amene walandira chiti.

Zimenezo zinachitika. Mu Malichi 2021 World Health Organization inalangiza kuti ivermectin aziperekedwa kwa odwala Covid-19 pakafukufuku pokha. Mu 2022 kafukufuku wa TOGETHER ku Brazil, wa odwala 1,358, anapeza kuti mankhwalawa sanachepetse ogonekedwa m'chipatala, ndipo kafukufuku wa ACTIV-6 ku America sanapezenso phindu looneka.

Nanga bwanji tikafukufuku tina tating'ono tinkaonetsa ngati akuthandiza? Tina tinali ndi zolakwika pakachitidwe. Koma kusanthula kwina kwa mu 2022 kunaonetsa chinthu chimene chimatikhudza ife kuno: phindu linkaoneka makamaka m'madera momwe njoka ya Strongyloides ndi yofala. Njokayi ili ndi khalidwe lachilendo. Imatha kuswana m'thupi momwemo n'kukhala zaka makumi, chizindikiro chake chili kamzere kofiira koyabwa kamene kamayenda pakhungu la m'matako kapena pamimba n'kuzimiririka. Ndiye mu Juni 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anapeza kuti dexamethasone amapulumutsa mmodzi mwa atatu alionse amene akanafa ali pamakina opumira, ndipo zipatala padziko lonse zinayamba kumupereka. Dexamethasone ndi wa gulu la masiteroidi, mankhwala ozimitsa ukali wa chitetezo. Akazimitsa, njoka ija imachuluka mosaletseka n'kufalikira m'mapapo ndi m'magazi, ndipo imapha. Wodwala wotere akamwa ivermectin amapulumuka ku njoka, vairasi ali pomwepo. Uwu ndiwo ubale weniweni, wotsimikizika, pakati pa kachilombo kolowera pakhungu kalekale ndi matenda a m'mapapo a lero: umadutsira m'mankhwala.

Pamene mphere zimavulazadi

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti pokangana za mapapo timaiwala impso. Kukanda kumang'amba khungu, ndipo m'mabalamo mumalowa mabakiteriya, tizilombo ta selo imodzi timene timaphedwa ndi maantibayotiki. Awiri odziwika ndi Streptococcus wa gulu A ndi Staphylococcus aureus. Kachilombo ka mphere kamawathandizanso, chifukwa kamatulutsa zinthu zofooketsa chitetezo pamalo pamene kakumba. Zotsatira zake ndi zilonda za mafinya zokhala ndi nkhanambo zachikasu, zithupsa, ndipo kwa makanda mabakiteriya amatha kulowa m'magazi. Pakapita milungu ingapo zilonda zitayamba, mwana wina amadzuka nkhope itatupa, mkodzo uli wochepa ndiponso wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Zimenezo ndi impso zotupa, ndipo mwanayo ayenera kufika ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, ku Mwami kapena chipatala chilichonse chapafupi tsiku lomwelo. Mabakiteriya a mitundu yomweyi alinso m'gulu la amene amayambitsa chibayo choopsa chotsatira chimfine, vairasi atakalakala kale njira za mpweya.

Kuchiza mphere sikovuta, koma kumalephereka pa zinthu zazing'ono. Onse a m'nyumba apake tsiku limodzi, ngakhale amene sakuyabwidwa, chifukwa cha milungu ija kachilombo kamakhala chete. Mankhwala, kaya ndi benzyl benzoate, permethrin kapena mafuta a sulufule, apakidwe thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuzala za kumapazi, m'zikhadabo ndi kumalo obisika, osati pa timatuza pokha. Za makanda ndi amayi oyembekezera afunsidwe anamwino, chifukwa benzyl benzoate amawawa ndipo ana amafunika wosungunula. Ivermectin sapatsidwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana makilogalamu 15. Kachilomboka sikakhala moyo kupitirira masiku 2 kapena 3 kunja kwa thupi, choncho zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa, ndipo zosachapika zimangidwe m'thumba la pulasitiki kwa mlungu. Kuyabwa kumatha kupitirira milungu 2 mpaka 4 tizilombo titafa kale, ndipo apa m'pamene ambiri amathamangira kumsika kukagula timachubu toziziritsa khungu. Tambiri mwa timeneti, pamodzi ndi mafuta ena oyeretsa khungu, tili ndi masiteroidi monga betamethasone. Tikapakidwa pa mphere zosachizidwa, kuyabwa kumaleka koma tizilombo timaswana mwakachetechete.

Mukapita kuchipatala ndi chifuwa chachikulukulu kapena kubanika, nenani mbiri ya khungu lanu: mphere zobwerezabwereza, nkhanambo zosatha, kamzere koyabwa koyenda, zaka zolima m'dimba opanda nsapato, ndi mafuta alionse amene mumadzola. Dokotala amene akuganiza zokupatsani masiteroidi amafuna kudziwa zimenezi, ndipo mphere zosamva mankhwala zingam'chititse kukuyezani HIV kapena shuga.

Mwana wa alongo anga tinabwerera naye kukiliniki chifuwa chitakana kutha. Anamwino anamumvetsera m'chifuwa, anayang'ana pakati pa zala, nafunsa mtundu wa mkodzo wake. Khungu linali loyera, mapapo analibe chibayo. Kenako anafunsa amayi kuti, "Agogo, kusukuluko amagona angati m'chipinda?" Mnyamatayo anayankha yekha kuti mabedi ndi osanjikiza, ndipo kukazizira amagona awiriawiri kuti afunde mabulangete awiri.